Muyeso Umene Namalenga Anabisa m'Wilo la Njinga

M'zigwa za Kasungu, kumene minda ya fodya imayalana mpaka maso kutopa, njinga ndiyo miyendo ya mlimi. Imasenza thumba la feteleza mvula ikayandikira, imafikitsa wodwala kuchipatala, ndipo malonda akatsegulidwa ku okushoni ya Chinkhoma, anyamata a kabaza sapuma. Komatu mawilo onsewa amamvera lamulo limodzi, limene silinakhazikitsidwe ndi mfumu kapena boma.

Tengani chingwe, muyeze wilo kuchokera mbali ina, kudutsa pakati, kufika mbali inayo. Kenako zungulizani chingwe tayala lonse. Mupeza kuti muyeso wachiwiriwu ukuposa woyamba katatu ndi kachidutswa, ndiye kuti ka 3.14. Wilo la njinga yakumudzi ya mainchesi 28 ndi masentimita 71, choncho likazungulira kamodzi ladya mamita 2.2, ndipo pa kilomita imodzi limazungulira pafupifupi ka 450. La njinga ya mwana, la mainchesi 20, limafunika kuzungulira pafupifupi ka 625. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 130 wochokera ku Kasungu kupita ku Lilongwe pa msewu wa M1, lalikulu lizungulira ka 58,000, laling'ono kupitirira ka 81,000.

Lamulo lomweli ndilo linakweza anthu a ku England pa njinga zoopsa m'zaka za m'ma 1870. Mapedulo ankakhala pa wilo lakutsogolo, ndiye wofuna liwiro ankalikulitsa mpaka mita ndi theka, ndipo akagwa ankagwa chamutu. Mu 1885 John Kemp Starley anatulutsa njinga ya Rover yoyendera tcheni, ndipo wilo laling'ono linayamba kuzungulira kangapo munthu atapalasa kamodzi. Lamulo lija sanalithyole, anangophunzira kuyenda nalo.

Chozizwitsa n'chakuti nambala ya 3.14 ija si ya njinga yokha. Dziko lapansi ndi makilomita 12,756 kudutsa pakati pake, ndipo kulizungulira pa equator ndi makilomita 40,075. Gawani, mupeza 3.14 yomweyo! Mwezi wathunthu umene umawalira zigafa usiku uli nayo, dzuwa nalonso chimodzimodzi. Archimedes wa ku Syracuse anaifufuza zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, nangoiyandikira. Mu 1761 Johann Lambert anatsimikiza kuti manambala ake otsatira kadontho alibe mapeto, ndipo sabwerera mwakale. Munthu anasula limu n'kumanga masipoko, koma muyesowo anaupeza ulipo kale. Wouika ndi Namalenga, amene sanapatse dzuwa lamulo lina, njinga ya mlimi wa ku Santhe lina.

Makolo ndi aphunzitsi, musadikire zipangizo zodula. Patsani ana chingwe, choko ndi njinga, ayeze okha pabwalo, aone ndi maso awo nzeru za Mlengi.