Kodi Kugula Motchipa Ndiye Kukhulupirika?

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza sangaphonye pa Chimbiya. Basi isanaime n'komwe, amayi ndi anyamata amakhala atafika kale m'mawindo, mabeseni ali m'mwamba: kabichi, matimati, nyemba, koma makamaka mbatata ya kachewere imene imakonda nthaka yozizira ya m'mapiri a dera limeneli. Wogula wochenjera sathamangira mtengo wokha. Amayamba wapisa dzanja mpaka pansi pa ndowa kuti aone ngati zikuluzikulu zili pamwamba pokha, kenaka amafunsa mtundu wake. Wokazinga tchipisi amafuna mbatata yosamwa mafuta, pomwe mayi wa pakhomo amafuna yosachedwa kupsa. Zimene ogulawa afunsa chaka chino n'zimene mlimi adzabzale chaka cha mawa. Motero munda wa pa Chimbiya umalamulidwa ndi anthu amene sadagwiremo khasu ndi tsiku limodzi lomwe.

Mwa ogula onse m'dziko, wamkulu ndi boma. Limagula mankhwala a m'zipatala, mabuku ndi madesiki a m'sukulu, chakudya cha asilikali ndi akaidi, feteleza, simenti ndiponso mijigo. Ngati wogula ndowa imodzi angathe kutembenuza maganizo a mlimi, nanji wogula wa msinkhu umenewu? Akatswiri amene amafufuza za mgwirizano wa sayansi ndi ndondomeko za boma amati pali njira ziwiri zogulira. Boma lingathe kutola zimene zili kale m'sitolo, kapena lingathe kutchula vuto lake ndi kulonjeza kugula kwa aliyense amene angapange chinthu chothetsa vutolo, ngakhale chinthucho chisanaoneke n'komwe. Njira yachiwiriyi ndiyo imadzutsa funso lovuta: kodi munthu wosunga thumba la anthu onse ali ndi ufulu wotulutsa ndalama chifukwa cha chinthu chosayesedwa?

Amene amayankha kuti ayi ali ndi mfundo zomveka. Ndalama za boma sizigwa ngati mvula. Zimachokera mwa mayi yemwe uja wa beseni la mbatata, amene amadula chiphaso cha pamsika m'mawa uliwonse ndi kulipira msonkho pa sopo amene wagula. N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma m'chaka cha 2003, ndipo idalikonzanso m'chaka cha 2017. Mtima wa malamulo otere ndi woti ogulitsa apikisane poyera, ndipo mwa onse amene akwaniritsa zofunika, wa mtengo wotsika ndiye apambane. Amalawi amene akukumbukira kubedwa kwa ndalama za boma kumene kudaululika m'chaka cha 2013 sangaseke lamulo limeneli. Wogwira ntchito amene wasankha mtengo wotsika amagona tulo, pakuti palibe angamuloze chala.

Komabe kugona tulo kwa wogula sikutanthauza kuti anthu athandizidwa. Chinthu chimatchipa chifukwa chapangidwa kambirimbiri, ndiye kuti ndi nzeru ya dzulo. Chatsopano chilichonse chimabadwa chodula, monga mwana amene amadya zaka zambiri asanagwire khasu.

Nkhani ya mjigo ikuonetsa bwino zimenezi, ndipo idachitikira kufupi, m'boma la Ntcheu. Kale mijigo ya m'midzi inali ya zitsulo zolemera kwambiri. Ukaonongeka, anthu a m'mudzi sankatha kuchita kanthu koma kudikira galimoto ya boma yonyamula amisiri ndi zida zokokera mapaipi. Galimotoyo inkatha kuchedwa miyezi, ndipo m'miyezi yonseyo amayi ankabwerera kudambo kukatunga madzi omwera pamodzi ndi ng'ombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito yokumba zitsime m'chigwa cha Livulezi, boma ndi mabungwe olithandiza adafunsa funso lina. M'malo mofunsa kuti mjigo wotchipa uli kuti, adafunsa kuti mjigo woti anthu a m'mudzi angathe kukonza okha ungaoneke bwanji. Mjigo wotere kunalibe, ndipo adayenera kuupanga. Udabadwa mjigo wotchedwa Maldev, umene udakonzedwanso ku Kenya n'kukhala Afridev, uja wadzaza m'midzi ya Malawi ndi maiko ena a mu Africa. Nzeru yake yagona poti zigawo zimene zimatha msanga, monga timphira ta pansi, zingathe kukokedwa ndi manja popanda kuzula mapaipi. Amayi awiri kapena atatu a komiti ya mjigo, atagwira sipanala, amamaliza ntchito imene kale inkadikira galimoto. Akadakhala kuti ogula a nthawi imeneyo adaumirira kutola zimene zinali kale pamsika, mwina mpaka lero midzi ikadayang'anabe kumsewu.

Nkhaniyi ili ndi mchira wowawa. Mijigo yambiri ya Afridev imene imamangidwa m'Malawi imapangidwa ku India, kumene mafakitale amaipanga yochuluka ndi kuigulitsa motsika mtengo. Nzeru idaphukira pa Livulezi, koma malipiro a amisiri oipanga amalandiridwa kutsidya kwa nyanja. Palibe amene adaba kanthu pamenepa. Wogula aliyense adatsata lamulo, ndipo ndalama zomwezo zidamanga mijigo yochulukirapo. Koma dziko lidataya chinthu chimene sichilembedwa pa lisiti.

Mphamvu ya thumba la boma idaonekanso pa chimanga. Kwa zaka zambiri alimi ankakana chimanga cha haibulidi chifukwa chinkafumbwa msanga m'nkhokwe ndipo chinkaphwanyika mumtondo pokonola. M'chaka cha 1990 akatswiri a ku Chitedze adatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu za maso olimba ngati chimanga cha makolo. Pamene boma lidayamba kugawa timapaketi ta mbewu ndi feteleza m'chaka cha 1998, ndiponso makuponi kuyambira 2005, mbewu zamakono zidalowa m'makomo amene sakadazigula okha. Koma wogula wamkulu akayang'ana mbali imodzi, onse amatembenukira komweko. Ndalama zochuluka zidapita ku chimanga, zotsala ku mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo mlimi wa kachewere adatsala akudzionera yekha.

Sikuti kafukufuku wa kachewere kulibe. Ku Bembeke, m'boma la Dedza lomweli, ndiponso ku Bvumbwe, akatswiri a boma mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center adayesa mitundu yambiri, ndipo m'chaka cha 2011 adatulutsa ina monga Chuma, Thandizo, Zikomo ndi Mwai. Cholinga china chinali kulimbana ndi chiwawu, matenda omwewo amene adagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845. (Si zodabwitsa kuti dziko la Ireland ndi limodzi mwa amene adathandiza ntchitoyi, wolumidwa ndi njoka amathawa ndi chingwe chomwe.) Vuto la kachewere ndi loti sabzalidwa ndi njere koma ndi mbatata yomweyo, motero matenda a chaka chino amasamukira m'munda wa chaka cha mawa, ndipo zokolola zimanka zichepa. Kuti mbewu yopanda matenda ichuluke pamafunika nyengo zingapo zoichulukitsa mosamala, ndipo wochulukitsayo amalowetsa ndalama asanadziwe ngati adzapeza wogula. Ndani angalimbe mtima chotere popanda lonjezo? Sukulu zogonera konko, zipatala ndi ndende zimadyetsa anthu ambirimbiri tsiku lililonse. Zikadalonjeza kugula mbatata ya mitundu yatsopano kwa zaka zitatu, pa mtengo wodziwikiratu, wochulukitsa mbewu akadakhala ndi pogwira, ndipo ntchito ya akatswiri ikadatuluka m'mafailo n'kulowa m'nthaka.

Apa wotsutsa amadzukanso, ndipo ayenera kumvedwa. Iye amati mawu oti “zatsopano” ndi chofunda chabwino cha mbala. Wogwira ntchito akaloledwa kusiya mtengo wotsika, n'chiyani chingamuletse kupereka ntchitoyo kwa mlamu wake n'kunena kuti akulimbikitsa luso? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mantha amenewa ndi oona, koma mankhwala ake si kuletsa boma kuyesa. Chimene chimasiyanitsa kuyesa ndi kuba ndi kuwala. Woyesa moona mtima amalengeza vuto lake kwa onse, osati dzina la katundu amene munthu mmodzi yekha ali naye. Amaneneratu muyeso umene adzaweruzire, amayamba ndi ndalama zochepa, ndipo amaulula zotsatira ngakhale zitakhala zochititsa manyazi. Pamene boma la France lidapatsa Nicolas Appert mafulanki 12,000 m'chaka cha 1810 chifukwa cha njira yake yosungira chakudya m'mabotolo, lidamuuza kuti asindikize njirayo kuti aliyense aidziwe. Mbala singavomere pangano lotere.

Chotsala ndi chinthu chimene lamulo lokha silingathe kukonza. Mwa zoyesa khumi, zina zidzalephera ndithu, ndipo ndalama za mayi wa beseni uja zidzapita nazo. Anthu amene amalanga wolephera moona mtima mofanana ndi wakuba amaphunzitsa ogwira ntchito awo kuti asamayese kanthu. Amene amakhululukira kulephera kulikonse osafunsa amatsekulira mbala khomo. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna aphungu, atolankhani ndi oyang'anira mabuku a ndalama za boma amene angawerenge lipoti la kafukufuku n'kulimvetsa, ndipo anthu otere samera okha ngati bowa.

Pakadali pano mlimi wa pa Chimbiya akakumba mbatata yake amaisankha pawiri. Zikuluzikulu zimapita kumsewu kukadikira basi. Ting'onoting'ono, timene ogula akana ndipo nthawi zambiri ndi timene tanyamula matenda, amatiyala pamthunzi kuseri kwa nyumba kuti timere maso, ndipo timeneto ndiye mbewu ya chaka cha mawa.