Mtanda wa Mlombwa

Kumanda ena a m'boma la Ntcheu kuli mtanda wa mlombwa umene ndinasema ine ndi manja angawa. Pamtandapo pali dzina la mayi amene sindinawaonepo, chaka chimene anabadwa, chaka chimene anamwalira, ndi nkhunda ziwiri zoyang'anizana. Ndi mtanda wokongola, ndipo sindikunena modzitama. Koma mukandifunsa kuti mwini wake ndani ndichita chibwibwi, pakuti munthu amene anauitanitsa sanamalize kulipira mpaka lero.

Kusema ndinaphunzira kwa amalume anga kwathu ku Mtakataka, kufupi ndi Mua, kumene Bambo Claude Boucher anatsegula malo a zaluso a KuNgoni m'chaka cha 1976. Kumeneko mwana amakula akumva kugogoda kwa kasemasema monga ena amakulira akumva mtondo. Pobwera kuno ku Chirunga ndinanyamula matchizulo anayi, kasemasema ndi sandipepa, poti thumba la kwathu ndi losaya. Sindisema njovu ndi mvuu zodikira alendo panjira yokwera kuphiri. Ine ndimasema chimene munthu waitanitsa: chikwangwani cha dzina la pakhomo, mphatso ya ukwati, mwina mpando wa mfumu uja wa matabwa awiri olowetsana.

Mu Ogasiti 2023 kunabwera bambo wina wogwira ntchito m'tauni muno, wovala bwino, wolankhula mofatsa. Amafuna mtanda woti akaike pa chiliza cha mayi ake. Tinapangana K80,000, ndipo anapereka K20,000 yogulira thabwa. Masabata atatu ndinakhala ndikusema madzulo aliwonse kuseri kwa hositelo, anzanga ali kulaibulale. Bamboyo anabwera Lachisanu, mwambo wa chiliza uli mawa lake. Anausisita mtandawo, misozi ili lengelenge, nati, "Mphwanga, ndalama zonse zathera simenti ndi chakudya cha anthu. Mwezi ukatha ndidzakuona." Ine ndinati, "Palibe kanthu, bambo, muyende bwino." Ndinawathandizanso kuukulunga m'chiguduli ndi kuuika m'galimoto.

Mwezi unatha. Poyamba foni ankayankha, ndipo yankho linali lakuti mawa. Kenaka inayamba kumangoitana. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti K60,000 yanga inayamba kusungunuka ili m'thumba la munthu wina. Ngakhale atabweza lero, sangabweze chimene anatenga.

Anzanga ena amati nkhaniyi ndi yaing'ono, ngongole ili paliponse. Koma taganizani. Mayi wogulitsa matimati, wogula akakana mtengo, amangodikira wina. Wosema njovu naye chimodzimodzi, njovu ilibe dzina. Koma chinthu choitanitsa chimabadwa chili kale ndi mwini wake. Mtanda wolembedwa dzina la mayi a munthu wina ndingaugulitse kwa yani? Chimene ndinagulitsa ine si thabwa ayi. Ndinagulitsa madzulo makumi awiri ndi amodzi, ndipo madzulo sabwezedwa kusitolo.

Tsiku lina m'kalasi ya filosofi aphunzitsi anatifotokozera za Immanuel Kant, amene m'chaka cha 1785 anapereka chitsanzo cha munthu wobwereka ndalama nalonjeza kubweza, akudziwa bwino lomwe kuti sadzabweza. Kant anati aliyense atamachita zotero, lonjezo lenilenilo lingafe, chifukwa palibe angalikhulupirirenso. Ndinakondwa kwambiri tsiku limenelo. Ndinaona ngati Mjeremani wa ku Königsberg wadzuka kumanda kudzandiimira pamlandu. Koma nditagona usiku ndinapeza kuti chitsanzocho sichikumukwana bwino munthu wanga. Wa Kant uja amanama pa nthawi yolonjeza. Bambo wanga uja, ndikakumbukira misozi ija, ndikhulupirira kuti Lachisanu limenelo ankanena zoona. Bodza linabwera pambuyo, pang'onopang'ono, ngati chiswe. Mwezi uliwonse malipiro akafika ankakhala pansi kuwerengera oti awalipire: mwini nyumba, a madzi, a magetsi, sukulu ya ana. Onsewa ali ndi ndodo m'manja. Mwini nyumba angakutulutse, a madzi angatseke mpopi. Nanga mnyamata wosema uja angatani? Motero dzina langa linkatsika mwezi ndi mwezi mpaka linagwera kunsi kwa pepala.

Apa mpamene pandiwawa. Ngati munthu alipira okhawo amene angamupweteke, ndiye kuti kulipira kwake konse ndi mantha chabe, ndipo chilungamo chake chenicheni chimaonekera pa ife amene tilibe ndodo. Si pachabe kuti malamulo a Mose analetsa kugoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Anadziwa kuti waganyu ndiye wosavuta kumuiwala.

Musandimve ngati ndikunena kuti aliyense wolephera kulipira ndi wakuba. Chaka chatha mayi wina wamasiye wa ku Chinamwali anaitanitsa kampando ka mwana wake wolumala. Tsiku lolipira litakwana anabwera yekha, wapansi, kudzandiuza kuti ndalama alibe. Anabweranso kawiri, ulendo wina ndi K3,000, ulendo wina ndi mtedza m'kathumba. Tikawerengera mwa masamu sanamalize, koma ine ndinafafaniza dzina lake m'kabuku kanga mtima uli mbee. Wosowa amabwera kudzaonetsa nkhope. Wokana amazimitsa foni.

Nditawafotokozera amalume za mtanda uja anaseka. Iwo asema zaka zambiri osalembapo pangano papepala. Anati, "Iwe mphwanga, kupatsa nkuika. Usamalonjerere munthu wamaliro." Ndinawamvetsa. Kumudzi ngongole sitayika, chifukwa amene ali nawe ngongole udzakumana naye kudambwe, kumsika, kumaliro. Akapanda kukupatsa ndalama adzakupatsa thumba la chimanga chaka cha njala, kapena adzagwira khasu tsiku lokumba manda a mbale wako. Mudzi wonse umasunga kabuku m'mutu. Koma bambo wanga uja anachita zochenjera, kaya mozindikira kaya ayi. Potenga katundu analankhula chilankhulo cha kumudzi, nanditcha mphwake, ndipo ine ndinafewa monga afewera munthu pamaso pa mkulu wake. Pofika polipira anasanduka munthu wa m'tauni, amene sadziwa kwathu, amene sadzabwera pamaliro anga. Anadya mbali ziwiri zonse. Amalume anangoti, "Za m'tauni mukuzidziwa ndinu ophunzira."

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene akuphunzira zamalamulo, ali ndi mankhwala ambiri. Akuti telala sapereka suti asanalandire zake, makaniko satulutsa galimoto m'galaja. Zoona, koma zimenezi zimathandiza katundu akadali m'manja mwako, ndipo wanga ndinamunyamula ndekha kukaika m'galimoto. Akuti pita kukhoti. Ndapita m'maganizo kangapo, koma pepala la pangano ndilibe, mboni yanga ndi mlonda amene anangoona tikukulunga chiguduli. Akuti mulembe pa Facebook, dzina ndi chithunzi, aone manyazi. Akutinso ngakhale Michelangelo, m'chaka cha 1506, atatopa ndi kubwezedwa pakhomo pamene ankafuna ndalama za miyala ya manda a Papa Julius II, anakwera hatchi nachoka ku Rome kubwerera ku Florence. Ndinamukumbutsa kuti Papa uja anatuma anthu kumutsatira chifukwa ankamufunabe. Ine ndikanyanyala, anditsatira ndani?

Mankhwala ake otsiriza ndiwo anandisowetsa tulo. Anati, "Aise, tiye ku Ntcheu tikauzule. Ndi wako." Tinaseka, poti tonse tikudziwa dzina limene anthu amapatsa munthu wopezeka kumanda usiku popanda chilolezo cha mfumu. Koma kuseka kutatha funso linatsala. Tiyerekeze kuti mfumu yalola, dzuwa likuswa mtengo, palibe wonditcha mfiti. Kodi ndingauzule? Mwa masamu magawo atatu mwa anayi a mtandawo ndi anga. Koma ndikauzula ndalanga yani? Mayi ogona pansipo sanapangane nane kanthu. Alongo ake a bamboyo, amene mwina anasonkha ndalama zawo nampatsa iye kuti alipire, angadzapeze dzenje pamutu pa mayi awo. Wolakwa yekhayo ndiye amene sangamve kanthu, ali m'tauni. Ndiponso, ndiulule, sindifuna kuti uzulidwe. Pa zonse zimene ndasema, nkhunda ziwiri zija ndizo zinandituluka bwino koposa, ndipo malo ake ndi pomwe zilipo. Mmisiri ali ndi kufooka kumeneku, amakonda ntchito yake kuposa mtengo wake, ndipo oitanitsa ena amakununkhiza msanga.

Tsono ndinachita chimene amisiri ambiri amachita akapsa. Ndinaika lamulo: theka la mtengo ndisanagwire tchizulo, theka linalo katundu asanatuluke, ndipo zonse zilembedwe. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lamuloli lagwira ntchito, sindinapsenso. Ngakhale aphunzitsi athu ena, amene amakonda kunena kuti tidzaonana kuofesi, tsopano amayamba apisa m'thumba. Koma mwezi wa Juni mlonda uja, mboni yanga yomwe ija, munthu wamkulu woti angakhale agogo anga, anandipempha kachikwangwani ka dzina loti akakhome pa nyumba imene wamanga kwawo atagwira ntchito zaka zambiri. Pakamwa panga panatuluka mawu a chikole ndisanaganize. Anandiyang'ana kanthawi, nati, "Chabwino, mwanangu, ndidzabwera ndikapeza." Munthu ameneyu sanandilakwirepo. Wandisungira matabwa anga mvula ikugwa osapempha kanthu. Amene anamuchititsa manyazi tsiku limenelo ndi ine, koma ngongole imene ankalipira inali ya bambo wa galimoto uja. Kachikwangwaniko ndinasema usiku womwewo ndi kukamupatsa m'mawa, koma mawu aja anali atatuluka kale.

Sabata yatha ndinakumana naye bambo uja mumsika wa Zomba, pa mzere wa nsomba. Ndinkayesa athawa, koma anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mphwanga! Abale onse akuyamikira mtanda uja, mpaka lero sunang'aluke." Za K60,000 sanatchule. Anati azakhali ake anamwalira mwezi wathawu, ndipo banja likufuna mtanda wina wofanana ndendende ndi woyamba uja, nkhunda zomwezo. Ndinapepesa za malirowo monga mwa mwambo. Kenaka ndinatchula mtengo watsopano, ndi kuwonjezapo kuti zakale zija ziyambe zabwera, zonse pamodzi, ndisanagule thabwa. Anaseka, nandimenya paphewa, nati ophunzira a masiku ano ndi ouma mtima. Analembanso nambala yanga, imene ali nayo kale. Pobwerera ndinadzera kwa ogulitsa matabwa kukafunsa mtengo wa mlombwa, ndipo ndinapeza thabwa limodzi louma bwino, lopanda mfundo. Ndinawauza kuti andisungire mpaka Loweruka.