Lamulo lisasinthe nkhomo zili m'manja

Pamsika wa Msundwe, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, bawo siisowa anthu. Awiri amakhala moyang'anizana, ena ataimirira kumbuyo kwawo, aliyense akudziwa bwino zimene wosewerayo akanachita. Mkangano ukabuka, nthawi zambiri sukhala wa kuba nkhomo. Umakhala wa lamulo: kodi nyumba ingagwetsedwe liti, kodi wotakata ayambire pati? Mlendo amati kwawo satero, eni bawo n'kumuyankha kuti kuno si kwawo.

Vutoli lili ngakhale m'masewera amene malamulo ake anasindikizidwa. Mu 1993 kampani ya ku America ya Wizards of the Coast inatulutsa masewera a makhadi otchedwa Magic: The Gathering, amene anawapanga ndi katswiri wa masamu Richard Garfield. Awa si makhadi a njuga. Khadi lililonse lili ndi chithunzi chake ndi lamulo lake lolembedwa pomwepo, ndipo osewera amagula, kusinthana ndi kusunga makhadiwo ngati chuma. Mitundu yake inapitirira kale 20,000, choncho n'zosadabwitsa kuti ena amasemphana.

Mu 2017 kunatuluka khadi lotchedwa Hostage Taker. Likaikidwa patebulo limagwira khadi limodzi n'kulichotsa m'masewera mpaka ilo litachokapo. Olemba anaiwala kunena kuti logwidwalo likhale lina. Ndiye likapezeka lokha, linkayenera kudzigwira, kuchoka, kubwerera, kudzigwiranso, osalekeza. Kampaniyo inalengeza za cholakwikacho makhadi asanayambe kugulitsidwa. Osindikizidwa kale anakhala momwemo, koma mawu olondola analowa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa Oracle, ndipo pampikisano woweruza amatsata kaundulayo, osati zolembedwa pakhadi.

Kukonza kwina kumawawa. Mu June 2020 kampani yomweyo inachepetsa mphamvu za gulu la makhadi atsopano amene anali atangotha milungu yochepa ali pamsika, anthu atawagula kale. Amene anatayirapo ndalama anali ndi chifukwa chodandaulira. Komabe kusinthako kunalengezedwa poyera, ndi tsiku loyambira kugwira ntchito, ndipo kunakhudza aliyense mofanana. Palibe amene anakumana nako mwadzidzidzi masewera ali mkati.

Bawo nayo ili ndi malo oterera otere. Mu 2006 ofufuza a ku Netherlands, mmodzi wa iwo Alex de Voogt, anaonetsa ndi kompyuta kuti m'bawo ya ku Zanzibar muli kaseweredwe kena kamene munthu akayamba kufesa nkhomo sadzaima mpaka kalekale. Zikatero wapambana ndani? Ngakhale poyambira penipeni pamasiyana. Maenje ndi 32 ndipo nkhomo ndi 64 konse kuwiri, koma ku Zanzibar wosewera aliyense amaika nkhomo 6 m'dzenje lotchedwa nyumba, zina m'maenje oyandikana nalo, n'kutsala ndi 22 m'manja, pamene ku Malawi amaika 8 n'kutsala ndi 20. Dokotala Meredith Sanderson analemba malamulo a bawo ya kuno mu 1913, koma zolembazo zili m'Chingerezi, m'magazini ya akatswiri ya ku London imene wosewera wa pa Msundwe sadzaiona.

Alipo amene anganene kuti bawo siifuna pepala, buku lake ndi akuluakulu. Ali ndi mfundo. Magic ili ndi mwini wake amene amapindula akagulitsa makhadi, pamene bawo ndi ya aliyense, ndipo zingakhale zomvetsa chisoni munthu mmodzi wa mu ofesi atagamula kuti kaseweredwe ka ku Kabudula n'kolakwika chifukwa choti kakusiyana ndi ka ku Mangochi. Kusiyanako ndi chuma, n'kofunika kukusunga.

Koma akuluakulu amatha, ndipo amapita ndi zimene ankadziwa. Komanso mawu a mkulu amalemera pamudzi pake pokha. Osewera a ku Namitete, Mpingu ndi Nambuma akakumana kulimbirana mphoto, lamulo losalembedwa limakomera amene ali ndi mawu okweza ndi omuchemerera ambiri. Mnyamata amene wawerengera bwino nkhomo zake m'mutu angaluze chifukwa chongoopa kutsutsa munthu wa msinkhu wa bambo ake. Kumeneko n'kupondereza luso, ndipo kumagwetsa ulesi achinyamata amene bawo ikuwadalira.

Chofunika si buku lalikulu ngati la Magic la masamba oposa 200. Tsamba limodzi la Chichewa likwanira: nkhomo zingati m'nyumba, nyumba igwa liti, kutakata kuyenda bwanji, ndiponso zitani kufesa kukapanda kutha. Aliwerenge mokweza onse akumva, nkhomo zisanalowe m'maenje. Pakapezeka mpata umene tsambalo silinatseke, woweruza agamule za tsikulo, kenako osewera akhale pansi n'kuwonjezera mzere woti udzagwire ntchito pampikisano wotsatira. Pamwamba pake alembepo kuti ndi kaseweredwe ka pa Msundwe ndi chaka chake, kuti a ku Nsaru nawonso akalembe kawo.