Tingamukane mwana wa achemwali athu?



Nthawi yolemba apolisi ikafika timadandaula kuti maina amachokera kwa andale. Ndiye bwanji makomiti achitetezo cha m'madera azifunsidwa kaye za mnyamata asanapite kusukulu ya apolisi ku Limbe? Ine ndikuvomereza. Mudzi umadziwa amene amamenya mkazi wake, zomwe satifiketi ya MSCE singaonetse.

Koma mphamvuyo titapatsidwa, tingamukane mwana wa achemwali athu wokonda ndewu uja? Umboni wokondera nawonso ndi katangale.

Nanga wabwino amene tamusankhayo akhalitsa? Nyumba kumalaini ikudontha, malipiro atha mwezi usanafike pakati. Ena amasiya ntchito. Ena amayamba kupempha ya fanta pa roadblock, ndipo opereka mofulumira, minibasi isachedwe, ndife tomwe.