Mwana wa mu Akademi ya Mpira: Kodi Timu Ili Naye Ngongole Yotani?

Akademi ya mpira wa miyendo ndi sukulu imene timu imakhazikitsa kuti izidzilerera yokha osewera kuyambira ali aang'ono. Ana amalowamo ali ndi zaka 8 kapena 9, ena 12, ndipo amaikidwa m'magulu potengera chaka chobadwa. Mkati mwa sabata amaphunzira kulandira mpira, kupatsirana ndi kudziwa poima, ndipo Loweruka amakumana ndi anzawo a matimu ena pa masewero enieni, a mapointi ndi zikho. Chaka chikamatha aphunzitsi amakhala pansi n'kusankha otsala ndi opita. Kusankhaku kumadzutsa funso limene si la mpira wokha: kodi akuluakulu amene akulera mwana ndi cholinga choti adzapindule naye ayenera kumuchitira chiyani, makamaka akaona kuti phindulo silibwera?

Zipatso za akademi yabwino n'zosabisika. La Masia ya Barcelona, imene inayamba kugoneka ana mu 1979, inatulutsa Lionel Messi, Andrés Iniesta ndi Xavi, ndipo mu 2010 atatuwa ndi amene anatenga malo atatu oyambirira pa mphoto ya Ballon d'Or. Mu Novembala 2012, posewera ndi Levante, inafika nthawi imene osewera onse 11 a Barcelona amene anali m'bwalo anali oleredwa pakhomo pomwepo. Nkhani zoterezi ndi zimene kholo limakumbukira posainira mwana wake. Koma chiwerengero chimene mtolankhani Michael Calvin anafalitsa m'buku lake la 2017 lotchedwa No Hunger in Paradise chimanena zina: mwa anyamata pafupifupi 1.5 miliyoni amene amasewera mpira wolongosoka ku England, pafupifupi 180 okha ndi amene amadzasewera mu Premier League. Choncho munthu amene akademi imatulutsa kawirikawiri si katswiri. Ndi mnyamata amene wauzidwa kuti asabwerenso.

Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, analemba mu 1785 mfundo imene ikukhudza nkhaniyi mwachindunji. Iye anaphunzitsa kuti munthu asamatengedwe ngati chida chabe chokwaniritsira zofuna za wina, chifukwa munthu aliyense ali ndi ulemu wakewake umene sugulidwa. Kant sanaletse kupindula ndi ntchito ya munthu wina. Wolemba ntchito amapindula ndi wantchito, ndipo palibe cholakwika ngati wantchitoyo wavomera akudziwa chimene akuvomera. Vuto la mwana lili pomwepo. Wa zaka 9 sangavomere modziwa. Sadziwa kuti mwayi wake ndi wochepa motani, sadziwa mtengo wa maphunziro amene akuwaphonya, ndipo amakhulupirira wamkulu aliyense wovala yunifomu ya timu. Popeza iye sangadziteteze, udindo wonse woonetsetsa kuti sakusanduka chida uli pa akuluakulu.

Yesero loyamba limabwera m'mbali mwa bwalo. Pa masewero a ana a zaka 11, goloboyi wagwira mpira ndipo wotchinga kumbuyo wapatuka kuti aulandire. Mphunzitsi wofuna kulera amalola goloboyi kuupereka pansi, ngakhale akudziwa kuti mwanayo akhoza kulandidwa ndipo chigoli n'kulowa. Mphunzitsi wofuna mapointi atatu amakuwa kuti aumenye kutsogolo, kumene kuli mnyamata wamtali wothamanga kuposa onse. Njira yachiwiriyi imapambanadi masewero a tsikulo. Koma wotchinga uja amabwerera kunyumba asanaugwire mpira kokwanira, ndipo wamtali uja amaphunzira kudalira miyendo yokha, zimene zidzamuthera anzake akadzamupeza msinkhu. Pa benchi pakhala kamnyamata kochepa thupi, kovala jezi yofika m'maondo, kamene kalowa mphindi zisanu zomaliza masewero atapita kale. Palibe amene wachita nkhanza yooneka. Mphunzitsi wangosinthanitsa kukula kwa ana atatu ndi mbiri yake ya sabata imodzi.

Kamnyamata ka pa benchi kawirikawiri si kopanda luso. Mu 1985 Roger Barnsley ndi anzake ku Canada anaonetsa kuti osewera ambiri a hockey amene amafika pamwamba ndi obadwa miyezi yoyambirira ya chaka, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza zomwezo mu mpira wa miyendo. Chifukwa chake n'chosavuta. Ngati gulu likutenga ana obadwa kuyambira Januwale mpaka Disembala, woyamba ndi womaliza amasiyana pafupifupi chaka chathunthu, ndipo kwa mwana wa zaka 10 chaka ndi chinthu chachikulu pa msinkhu ndi mphamvu. Wosankha amaona wamkuluyo akupambana mipira yonse n'kunena kuti ndi waluso. Akasankhidwa amapeza aphunzitsi abwino ndi masewero ambiri, ndipo patapita zaka amakhaladi wodziwa kuposa mnzake amene anasiyidwa. Ku England, kumene chaka cha masewero a ana chimawerengedwa kuyambira 1 Seputembala, opindula ndi obadwa kumapeto kwa chaka. Apa pali phunziro lolemera pa nkhani ya chilungamo: chimene anthu amachitcha kuyenera nthawi zambiri chimakhala ndi mwayi mkati mwake, mwayi wa tsiku limene mwana sanasankhe. Matimu ena ayamba kusanja ana pa masewero ena potengera kukhwima kwa thupi m'malo mwa zaka, koma diso la munthu likadali loperewera. Mwachitsanzo, Arsenal inasiya Harry Kane ali mwana, ndipo Sheffield Wednesday inasiya Jamie Vardy ali ndi zaka 16.

M'maiko ambiri a mu Africa vuto lomweli limabwera ndi nkhope ina, ya kubera zaka. Timu ikaseweretsa wa zaka 19 pa mpikisano wa osapitirira 17, imalanda malo a mwana weniweni, ndiponso imaphunzitsa onse awiri kuti bodza ndi gawo la masewero. Kuyambira mu 2009 FIFA yakhala ikugwiritsa ntchito makina a MRI kuunika fupa la pamkono pofuna kuchepetsa mchitidwewu.

Ena amati mankhwala ake n'kuchotseratu mpikisano, koma maganizo amenewa amapita patali kwambiri. Mwana amafuna kupambana, ndipo ngakhale pa bwalo la fumbi, ndi mpira wachikulunga ndi miyala iwiri ngati magolo, amawerenga zigoli molondola ndipo amakangana nazo. Mu mpikisano ndi mmene amaphunzira kupirira, kudalira mnzake, kugonja popanda kumenya oyimbira. Aristotle, katswiri winanso wa nzeru zakuya, anaphunzitsa kuti khalidwe labwino limabwera pochita mobwerezabwereza, ndipo kulimba mtima sikungaphunziridwe pamene palibe chimene chingatayike. Choipa si kufuna kwa mwana kuti apambane. Choipa ndi pamene njala ya akuluakulu yakwera pamsana pake.

Dziko la Norway linayesa kusiyanitsa ziwirizi ndi malamulo. Chikalata chake cha ufulu wa ana pa masewero, chimene chinayamba mu 1987, chimaletsa kufalitsa ndandanda ya opambana kwa ana osakwana zaka 11, ndiponso mipikisano ya dziko lonse asanafike zaka 13. Ana amasewerabe mwamphamvu. Chimene chachotsedwa ndi chikho cha akuluakulu. Ku Bryne, tauni yaing'ono, mphunzitsi Alf Ingve Berntsen anasunga gulu la ana pafupifupi 40 kwa zaka zambiri osachotsamo aliyense chifukwa chochepa luso. Erling Haaland anakulira m'gulu limeneli, ndipo anzake angapo anakhalanso osewera olipidwa. Chitsanzo chimodzi sichitsimikiza lamulo, komanso Norway ili ndi chuma chimene maiko ambiri alibe. Komabe chikuonetsa kuti kusefa ana msanga si njira yokhayo yopezera katswiri.

Ndalama ndi zimene zimalemeretsa funsoli. Malamulo a FIFA amapatsa timu chipukuta misozi pa kulera wosewera kuyambira zaka 12 mpaka 21, ndipo akagulitsidwa kunja ali pa mgwirizano, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa pakati pa zaka 12 ndi 23. Lamuloli ndi labwino, chifukwa limabweza kangachepe kwa timu yaing'ono imene inavutika. Koma limatanthauzanso kuti mwana ali ndi mtengo m'mabuku a timu. Kuyambira mu 2001 FIFA imaletsa kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita naye kudziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo Barcelona yomwe ija inalangidwa mu 2014 chifukwa chophwanya lamuloli, monganso Chelsea mu 2019.

Kumadzulo kwa Africa kuli zitsanzo zoonetsa mbali zonse ziwiri. Ku Abidjan, Jean-Marc Guillou anatsegula akademi ya ASEC Mimosas mu 1994, kumene ana ankayamba kuphunzira opanda nsapato kuti phazi lizolowere mpira. Mu 1999 anyamata amenewa, ambiri asanafike zaka 20, anagonjetsa Espérance ya ku Tunisia 3–1 n'kutenga CAF Super Cup. Kolo Touré ndi Didier Zokora anachokera m'gulu limenelo, ndipo ambiri anadutsira ku timu ya Beveren ku Belgium polowa ku Ulaya. Génération Foot ya ku Senegal, imene Mady Touré anayambitsa mu 2000, imagwirizana ndi FC Metz ya ku France, ndipo Sadio Mané anadutsa njira imeneyi. Right to Dream ya ku Ghana, imene Tom Vernon anayambitsa mu 1999, inatulutsa Mohammed Kudus, koma chimene chimaisiyanitsa n'chakuti ana ena amatuluka ndi mwayi wa maphunziro ku masukulu a ku America ndi ku Britain m'malo mwa mgwirizano wa mpira. Pambali pa odziwikawa pali anthu ambiri odzitcha maejenti amene amatolera ndalama kwa makolo, nthawi zina za munda wogulitsidwa, n'kukasiya mwana m'misewu ya Paris. Jean-Claude Mbvoumin, wosewera wakale wa ku Cameroon, anayambitsa bungwe la Foot Solidaire kuti lithandize anyamata otayidwa motere. Akademi yoona ndi yachinyengo zonse zimalonjeza tsogolo. Zimasiyana pa chimene mwana amatsala nacho m'manja lonjezolo likalephereka.

Okhulupirira Baibulo amapeza muyeso wofanana m'fanizo la matalente pa Mateyu 25, pamene mbuye anasiyira antchito ake chuma mosiyanasiyana, yense monga mwa mphamvu zake, n'kudzafunsa chimene anachita nacho. Kawirikawiri fanizoli amauza mwana, kuti asakwirire luso lake. Koma mu akademi amene wasungitsidwa chinthu ndi mphunzitsi, ndipo chimene wasungitsidwa si mwendo wamanzere wokha. Ndi mwana yense, ndi mutu wake, sukulu yake ndi ubwana wake umene subwerera. M'fanizoli amene anapindula matalente awiri anayamikiridwa mofanana ndi amene anapindula asanu. Mphunzitsi amene amathera mphamvu zake pa ana awiri odzagulitsidwa, n'kusunga ena khumi ndi asanu kuti awiriwo apeze osewera nawo, wakwirira zambiri mwa zimene anapatsidwa.

Tsiku lotsanzikana ndilo limaulula zonse. Mnyamata wa zaka 16 amaitanidwa mu ofesi ndi kholo lake, ndipo m'mphindi zochepa amauzidwa kuti sapatsidwa mgwirizano. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akudziwika kusukulu ndi kumudzi ngati wampira uja; anzake onse ali mu timu; abale ena anayamba kale kuwerengera nyumba imene adzamange. Amataya zonsezi tsiku limodzi, ndipo pamwamba pake amasenza manyazi ngati kuti ndiye walakwa. Ku England nkhaniyi inakula mu 2020, pamene mnyamata wobadwira ku Malawi, amene anachotsedwa mu akademi ya timu ina yaikulu atavulala bondo, anadzipha. Imfa yotere imakhala ndi zifukwa zambiri zimene wakunja sangazidziwe zonse, koma inachititsa matimu kufunsidwa poyera za ana amene amawasiya. Mu 2022 Crystal Palace inalengeza ndondomeko yotsatira osewera amene yawachotsa kwa zaka zitatu, kuwathandiza kupeza timu ina, maphunziro kapena ntchito.

Timu singasunge aliyense, ndipo kunamiza mwana kuti adzafika pamene sangafike ndi nkhanza inanso. Ngongole yake ili pa zinthu zimene zili m'manja mwake. Iyenera kuuza kholo zoona za mwayi wa mwana pa tsiku losaina, osati pa tsiku lochotsa. Iyenera kuteteza nthawi ya sukulu ngakhale mayeso atagundana ndi masewero a chikho, kupatsa mwana aliyense amene yamutenga mphindi zenizeni m'bwalo, ndi kusaseweretsa wovulala chifukwa cha fainolo. Ikaganiza zomusiya, imuchenjeze nthawi ilipo, imufotokozere chifukwa chake, ndipo pakhale munthu wodziwika amene adzamuimbirabe foni miyezi ikapita. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama za Premier League, ndipo zikukhudza timu ya ana ya ku Ndirande kapena ku Chipata mofanana ndi ya ku London. Zikukhudzanso atsikana, amene ma akademi awo akuchuluka tsopano pamene osewera ngati Tabitha ndi Temwa Chawinga, ochokera ku Rumphi, ndi Barbra Banda wa ku Zambia aonetsa kuti mpira wa amayi nawonso uli ndi msika, ndipo osaka luso ayamba kufika pa mabwalo awo ndi mapepala oti makolo asaine.