Kodi Chaka cha Mwana Nchayani?

Palibe mlimi wa fodya kuno kwa Kaomba amene sadziwa kuwerenga miyezi. Mukamfunsa nthawi ya kufesa nazale, adzakuuzani msanga kuti ndi Seputembala. Mukamfunsa za kuwokera, adzati mvula ikagwa, kumapeto kwa Novembala kapena m'Disembala. Adziwa nthawi ya kuthira feteleza, ya kuthyola masamba, ya kusoka ndi kupachika m'chigafa, ya kusankha ndi kudinda mabelo, kufikira msika wa ku Chinkhoma utatsegulidwa cha m'Epulo. Chaka chonse cha fodya chili m'mutu mwake chisanayambe. Koma mukamfunsa munthu yemweyo chimene mwana wake adzachidziwa pofika Julayi, chimene lero sachidziwa, adzangoseka, nati, Zimenezo adziwa ndi aphunzitsi. Tsono tifuna kuti tilingalire pamodzi, abale, ngati nkoyenera kuti fodya akhale ndi chaka chake cholongosoka, pamene mwana angotola maola amene fodyayo wasiya.

Kuphunzitsa ana pakhomo si chinthu chachilendo kwa ife. Sukulu zisanadze m'dziko muno, mudzi ndiwo unali sukulu. Atsikana anagona kukuka kwa agogo awo, anyamata kumphala. Ndipo madzulo pamoto anamva nthano ndi ndagi, naphunzira ulemu, mayina a mitengo ndi ntchito zake, kuluka mphasa ndi kuumba mbiya. Ndipo tizindikire ichi, kuti akale aja anapatula nyengo ya kulangiza ana. Ngakhale chinamwali anachiika m'chilimwe, nkhokwe zitadzala, anthu atapuma ku khasu. Iwo analibe kalendala wa pakhoma, koma anadziwa kuti nzeru ifuna nthawi yakeyake monga mbewu iliyonse.

M'zaka zoyamba za m'ma 1990 alimi a m'midzi analoledwa kulima fodya wa burley, amene kale analimidwa pa maesiteti pokha. Ndipo m'chaka cha 1994 sukulu za pulaimale zinakhala zaulere. Zonse ziwiri tinazilandira ndi chimwemwe, osazindikira kuti zidzalimbirana mwana mmodzi yemweyo. Pakuti chaka cha sukulu chiyamba m'Seputembala, mwezi womwewo umene nazale ifuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ndipo chigawo chachiwiri cha sukulu, kuyambira Januwale, chigwa pa nthawi ya kuthyola ndi kusoka, pamene ntchito ili yambiri, ufa uli wochepa. Kotero mwana alembedwa dzina m'kaundula wa sukulu, koma m'mawa wambiri apezeka ali ndi keni m'manja.

Chaka cha 2020 chinaulula zimene zinali m'nyumba zathu. Pa 23 Malichi sukulu zonse za m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo sizinayambe kutsegulidwa kufikira Seputembala, makalasi ena kufikira Okutobala. Miyezi yonseyo kholo lililonse linasanduka mphunzitsi, lifune lisafune. Maphunziro anaulutsidwa pa wailesi. Koma wailesi siingathe kuitana mwana amene ali m'chigafa. M'nyumba zimene munali lamulo la nthawi, ana anabwerera kusukulu akukumbukira zimene anaphunzira. M'nyumba zina anabwerera ataiwala. Ndipo atsikana ambiri m'dziko muno sanabwererenso konse, popeza anatenga pathupi kapena kukwatiwa. Apo tinaona kuti sukulu ikatseka chitseko, chimene chitsalira mwana ndi chimene makolo ake anamkonzera.

Wina adzati, Kodi mufuna kuti ana athu akule osadziwa khasu? Iyayi, kutali. Mwana wa mlimi ayenera kudziwa munda, ndipo atate amene aonetsa mwana wawo kafesedwe ka nazale ali mphunzitsi weniweni. Koma pali kusiyana pakati pa kuphunzitsa mwana ntchito ndi kudya mphamvu zake. Muyeso wake ndi uwu: pakutha pa tsiku wapindula ndani? Mwana akasoka fodya tsiku loyamba, waphunzira kanthu. Akasoka masiku makumi anayi, osapita kusukulu, palibenso chimene aphunzira. Ife tangopeza waganyu wosalipidwa. Ndiponso pali choopsa cha m'thupi, pakuti chikonga cha m'masamba onyowa chilowa pakhungu, nichititsa chizungulire, mutu ndi kusanza. Ndipo thupi laling'ono lilephera msanga kuposa la wamkulu.

Boma linanenapo zake. Lamulo la ntchito la 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14; lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa kuti mwana aliyense aziphunzira ku pulaimale; ndipo m'2021 ulimi wa matenanti, umene unamanga mabanja athunthu pa maesiteti, unathetsedwa m'malamulo. Koma lamulo siliima pakhomo pathu tambala akalira. Amene asankha ngati mwana anyamule buku kapena keni m'mawa umenewo ndife tokha, atate ndi amayi, pamodzi ndi atsibweni a mwanayo, amene mwa mwambo wathu ali nawo mawu pa ana a mlongo wawo.

Sitipeputsa umphawi. Tidziwa kuti ganyu afuna ndalama imene m'Febuluwale palibe, ndi kuti fodya wakupsa sadikira munthu. Koma tsoka la m'Febuluwale limabadwa m'Ogasiti, pamene mlimi ayesa kukula kwa munda wake. Akayesa munda monga mwa manja a akulu a m'nyumbamo, ana adzathandiza pang'ono Loweruka ndi pa tchuthi, ndipo sukulu siidzavutika. Akayesa munda powerengera manja a ana ake anayi, wagulitsa kale chaka chawo mvula isanagwe, ngakhale iye mwini sadziwa. Chifukwa chake tinena kuti mlandu suli pa tsiku la kuthyola. Uli pa tsiku la kupangana.

Tsono kupangana kumeneku kukhale kotani? M'maiko ena, monga ku America ndi ku South Africa, alipo mabanja amene aphunzitsa ana awo pakhomo pokha, ndipo chaka chisanayambe amalemba zimene mwana adzaphunzira mwezi ndi mwezi. Ife sititi muchotse ana kusukulu. Koma nzeru ya kukhala pansi chaka chisanayambe tiyenera kuitenga. M'Ogasiti, ndalama ya fodya isanathe, mwamuna ndi mkazi akhale pamkeka ndi ana awo. Poyamba apatule ndalama ya makope, mapensulo, yunifolomu ndi nyali ya sola, asanagule china chilichonse. Pakuti ndalama ya msika ili ngati madzi a m'khwawa, amene asefuka lero, mawa mchenga wokha. Atatero agawe ntchito za chaka, nanene momveka zimene zili za akulu okha, monga kuthyola masamba onyowa ndi kupopera mankhwala. Ndipo ayang'ane bwino mtolo wa mwana wamkazi, popeza iye ndiye atunga madzi, naphika, nalera mng'ono wake, mlongo wake ali kusewera mpira. Ntchitozo zigawidwe mofanana.

Kenaka apatule ola limodzi tsiku lililonse, litalowa dzuwa, limene palibe adzatuma mwana. M'miyezi ya mvula, pamene thupi latopa ndi mimba ili yopepuka, olalo lingafupike, koma lisafe. M'miyezi ya chisanu, Juni ndi Julayi, ntchito itachepa, litalike, ndipo agogo apatsidwe malo awo a nthano. Mwana wa Sitandade 8, amene alemba mayeso chaka chimenecho, amasulidwe ku chigafa kuyambira Januwale. Ndipo fodya yemweyo asanduke buku: mwana alembe matumba a feteleza amene tagula, awerengere makilogalamu a mabelo, atiwerengere pepala lochokera ku msika, naone zimene zadulidwa ndi zimene zatsala. Potero aphunzira masamu, ndipo banja lizindikira ngati fodyayo wapindula kapena ayi.

Ena adzadandaula kuti, Ife sitidziwa kuwerenga, tidzaphunzitsa chiyani? Kholo losadziwa zilembo lingathe kumvetsera. Mwana akuwerengereni mokweza, mumfunse tanthauzo lake, akufotokozereni. Pofotokozapo nzeru ikhazikika. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma lathu lino la Kasungu. Pa njala ya 2002 anasiya sukulu ya sekondale posowa fizi. Koma anabwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya kwawo, nadziphunzitsa yekha, napanga makina a mphepo opereka magetsi ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale ya atate ake. M'2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Si mwana aliyense adzafika kumeneko. Koma zimene iye anayambira nazo, buku lobwereka ndi nthawi ya kuliwerenga, nyumba iliyonse ya kwa Kaomba ingathe kupatsa mwana wake.

Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mlimi wa fodya adziwa choonadi cha mawu amenewa kuposa anthu onse. Pakuti mbande imene inasowa madzi m'nazale siichira ndi feteleza wa m'munda. Fodya akalephera chaka chino, tidzafesanso Seputembala wina. Koma mwana akhala wa zaka khumi kamodzi kokha, ndipo chaka chimenecho ife tangochisungira mwini wake, amene adzatifunsa atakula. Chifukwa chake, abale, Ogasiti akafika, musanayese munda ndi chingwe, yambani mwaitana ana anu, muwafunse zimene akuphunzira, mulembe maola awo poyamba. Ndipo munda ulandire zimene zatsala.