Mtsutso: Kodi Asilikali Akale Akunena Zoona Kuti Tataya Mwambo?

Wapampando: Mutu wa lero ukuti asilikali akale a keyala akunena zoona akamadandaula kuti mbadwo uno wataya mwambo. Ayambe ovomereza.

Wovomereza: Zikomo wapampando, oweruza ndi anzanga nonse. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Tsikirani ku Cobbe Barracks kuno ku Zomba mukaone agogo okhala m'nyumba zachikumbutso: jekete lothetheka m'khosi koma lositidwa, mendulo zopukutidwa kuti mbee, msana chilili ngakhale ali pandodo. Mbadwo wawo unamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ku Burma mu 1944. Tsono akatembenuka kuyang'ana ife akuona chiyani? Mnyamata wokhwefula thalauza, akununkha kachasu dzuwa lisanakwere, akupereka moni kwa mkulu maso ali pafoni. Alakwa pati akati talowerera?

Wotsutsa: Wapampando, mnzangayu wayeza mtundu wonse ndi lamba wa thalauza. Mwambo akuutamawo auonetsetse bwino. Msilikali wakuda ankakwapulidwa mwalamulo mpaka 1946, ndipo malipiro ake sankayandikira n'komwe a mzungu amene anali naye m'ngalande imodzi. Tibwerere pa nkhondo ya Chiwaya, 1914 mpaka 1918: amuna miyandamiyanda anagwidwa m'midzi kukasenza mtengatenga, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Kodi nayenso anali mwana wopanda mwambo?

Wovomereza: Musatisocheretse, achimwene. Pano sitikuzenga mlandu Mngelezi. Anakwapulidwa, inde, komabe anabwerako akudziwa kusunga nthawi ndi kusamala cha anthu onse. Pamwamba pa phiri lathuli pali Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya dziko lomwe agogowa anathandiza kuwombola. Kwerani lero mukawerenge zitsa. Akuwotcha makala ndani? Akutentha tchire chifukwa cha mbewa ndani? Si nkhalamba za keyala!

Wotsutsa: Makalawo aphikira phala lomwe mwamwa inuyo mmawa uno. Malole amene amatsika phiri usiku atadzaza matabwa si a ana asukulu. Eni ake ndi abambo a mimba zawo, ovala mataye, amene thalauza lawo lili m'chiuno bwinobwino. Mnyamata amene mukumunyozayo ndi uja amatsika m'bandakucha ndi njinga ya nkhuni, mtolo wopitirira mutu wake, akukwekwesa phazi pansi chifukwa mabuleki anatha. Ameneyo mukuti ndi waulesi? Nanga asilikali athu amene anapita ku DR Congo, ena n'kubwerako m'mabokosi, ndi a mbadwo uti?

Wovomereza: Mukukamba za kusunga mwambo inu, amene mwalowa muno belu litalira kale?

Wotsutsa: Ndachedwa, koma ndafika ndi mfundo. Inu mwalawirira ndi thalauza lokha basi. Ndikufunseni: kunyumba zachikumbutsozo munapondako liti usali mwezi wa Novembala? Pa tsiku lachikumbutso m'mweziwo malipenga amalira pachipilala cha keyala, mabwana amaika nkhata zamaluwa, makamera amajambula, kenako magalimoto fumbi koboo, agogo n'kutsala ndi mendulo zawo. Ine sindikuti achikulirewa ndi abodza. Ndikuti mumawadula pakamwa. Akayamba kudandaula, khalani pansi mumve mpaka amalize: amayamba ndi mavalidwe athu, koma amathera pa mankhwala, bulangete ndi penshoni yosafika pakati pa mwezi. Inu mumatola chiyambicho chifukwa kudzudzula mwana sikulira ndalama.

Wovomereza: Wapampando, amenewo ndi mawu onyoza!

Wapampando: Khalani pansi nonse, nthawi yatha. Oweruza apereka mapointi ochuluka kwa otsutsa. Apempha kuti magulu onse awiri akonze tsiku lokacheza ndi agogowo teremu ino isanathe, ndipo aliyense adzanyamule sopo kapena shuga.